Ndege Yokhalira Mchira

Ndege yathu inakhalira mchira Lachitatu madzulo, kalabu yonse ikuona.

Mawotchi ndi amene anaiika pa tebulo. Timamutcha choncho chifukwa ndiyo ntchito yake, kukonza mawotchi, ndipo zala zake zimanyamula kasipuling'i kochepa ngati tsitsi osanjenjemera. Atachotsa manja, ndegeyo inaima kaye pa matayala ake atatu ngati ikuganizira. Kenako mphuno inadzuka pang'onopang'ono, mchira n'kugunda thabwa. Inangokhala choncho, itayang'ana kudenga ngati galu wodikira fupa.



Kwa inu amene simunamatepo ndege yapulasitiki: thupi lake limabwera m'bokosi lili mbali ziwiri, yakumanzere ndi yakumanja. Ngati ndegeyo ili ndi tayala kutsogolo, umayenera kuika kamtovu m'mphuno usanamate mbali ziwirizo. Ukaiwala, kumbuyo kumalemera ndipo ndege imakhala pansi. Ndi cholakwa cha ongoyamba kumene, kapena cha munthu amene mutu wake unali kwina.

Tcheyamani wathu, dokotala wa mano wopuma pantchito, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"A Mawotchi, zaka makumi awiri ndi zitatu muno, mtovu simunaiwalepo. Tsiku lomata lija maso anali kuti?"

"Anali pa ntchito."

"Ntchito yake iti?" anafunsa wina kumbuyo, ndipo onse anafa nalo phwete.

Ine sindinaseke. Ndinkadziwa kumene maso ake anali tsiku limenelo, chifukwa anga analinso komweko.

Sekeletale wa kalabu, mayi amene ndege zake zimawala ngati sizinagwidwepo ndi munthu, anatulutsa foni n'kujambula ndege yathuyo. Anajambula kawiri.

"Lamulo mukulidziwa," anatero. "Ndege yokhalira mchira siikwera pa tebulo la chionetsero. Muitsegule muikemo mtovu, apo ayi Loweruka itsale m'kabati."

"Sititsegula," Mawotchi anayankha msanga. Anafulumira nazo kwambiri.

"Lamulo limenelo analemba ndi bambo anga," ndinauza Sekeletale. "Rula ndinkawagwirira ndine. Musavutike kundiwerengera."

"Ndiye zili bwino, Akunja. Ndimaona ngati kunjako malamulo amaiwalika."

* * *

Akunjawo ndi ineyo. Ndinachoka zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo ndinabwerera miyezi inayi yapitayi ndi masutikesi awiri, imodzi ya mabuku okhaokha. Mzinda umene ndinkaulota zaka zonsezo sindinaupeze. Nyumba ya kanema inasanduka tchalitchi. Mu laibulale imene ndinkawerengamo mpaka maso kuwawa akugulitsamo matailosi. Mtengo wa pakona, umene tinkadikirirapo basi, anaudula kuti aikepo chikwangwani cha mafuta odzola. Anthu amandifunsa chimene ndabwerera ali ndi nkhope ya munthu amene wapeza ntchentche mu tiyi.

Chipinda chimodzi chokha ndi chimene chinandidikira: cha kalabu, pamwamba pa sitolo ya mapenti. Fungo la guluu ndi lomwelija. Ndege za bambo zikulendewerabe kudenga pa ulusi wa mbedza. Kalabuyi anaiyambitsa ndi iwo, ndipo anzawo ankawatcha Kaputeni, koma anamwalira asanakwerepo ndege. Ine ndakwera zambirimbiri, ndipo maliro awo ndinawamvera pa foni.

Bambo anasiya mwambo umodzi. Anthu awiri akamanga ndege imodzi, aliyense amatenga mbali yake ya thupi la ndegeyo n'kulemba mkati mwake zimene akufuna, osamuonetsa mnzake. Kenako amamata. Palibe amene amawerenga. Ankati ndege iliyonse iyenera kunyamula katundu wosaoneka.

Ine, tsiku lomata, ndinalemba mawu amodzi m'mbali yanga: Sindibwerera. Pakamwa ndinali ndisanamuuze munthu kuti kunja kuja sindipitanso.

* * *

Mawotchi ndinamupeza pansi pa masitepe akumangirira bokosi la zida panjinga.

"Bwanji sitikutsegula?"

"Penti iwonongeka. Masabata asanu ndi limodzi aja."

"Penti tipakanso. A Mawotchi, ine ndayenda, mabodza ndawamva m'zinenero zinayi. Lanuli silinapse."

Anamwetulira pang'ono koma osandiyang'ana. Anakoka lamba wa bokosi ngati lambayo ndi amene wamulakwira.

"Loweruka mukunyamuka nthawi yanji?"

Tikiti yanga yobwerera inalidi ya Loweruka masana, tsiku lomwelo la chionetsero, ndipo achimwene anga anaonetsetsa kuti aliyense akudziwa.

"Funso lanu ndi limenelo? Masabata asanu ndi limodzi mitu itagundana pa tebulo limodzi. Mwandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono kuti burashi isagwedezeke. Mwandipukuta penti patsaya ndi chala chanu, pamene nsalu inali pomwepo. Lero mukundifunsa nthawi ngati ndine kasitomala?"

"Nthawi ndiyo ntchito yanga."

"Nenani kuti ndisapite."

Galimoto ya mapenti inadutsa, kenako ina. Ndinadikira.

"Sindinganene zimenezo."

"Simungathe kapena simukufuna?"

"Mufike bwino, Akunja. Mvula ikubwera."

Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo.

* * *

Ndisanafike kunyumba chithunzi chinali chitalowa kale pa gulu la kalabu la pafoni. Sekeletale analemba pansi pake kuti: Zimachitika guluu akamata anthu m'malo momata ndege. Tcheyamani anayankha ndi tinkhope toseka tisanu. Wina analemba kuti, Ndege yatopa, muisiye ipume.

Achimwene sali m'kalabu, koma Lachinayi m'mawa chithunzicho chinali m'foni mwawo. Ndinawapeza pabalaza, atakhala pa mpando wa bambo. Nyumba ya makolo athu ndi yawo tsopano. Ine ndimagona m'chipinda changa chakale, pakati pa makatoni a alamu anga ndi njinga yopanda tcheni.

"Khala pansi."

"Ndaima bwino."

"Mzimayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wophunzira, wapabanja, akusewera zidole ndi munthu wokonza mawotchi pakhonde la sitolo. Anthu akutiseka, mchemwali."

"Zidolezo munkazinyamula ndinu popita ku chionetsero. Munkayenda ngati mwanyamula mazira a mfumu, ine osandilola kukhudza."

"Tinali ana. Iwe uli ndi banja."

"Banja linatha, achimwene. Mapepala ndinasaina ndisanabwere. Loya anati mwamunayo asaina sabata yotsatira."

"Alamu anga amandiimbira tsiku lililonse. Munthu uja amalira."

"Amalira bwino, ndikudziwa. Ndakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Analira tsiku limene anabisa pasipoti yanga kuti ndisabwere kumaliro a bambo. Analira mpaka ndinapepesa ndine."

Akazi a achimwene anali pakhomo la khitchini, akupukuta kapu imene inali itauma kale.

"Zimenezo n'zokambirana," achimwene anatero. "Banja silitha chifukwa cha pasipoti. Loweruka ukukwera ndege. Galimoto ndakonza kale, ndikakusiya ndekha."

Zaka zonse zija ndinkasunga mawu a achimwene m'foni, ndinkawamvetsera m'nyengo yozizira ngati nyimbo. Ndinkaganiza kuti kwathu ndi kumene munthu safunika kufotokoza chifukwa chake akulira. Mabuku onse aja ndinawerenga sanandichenjeze kuti kwanu angakuwerengere masiku ngati mlendo wa ku hotela.

Ndinatulutsa foni, ndinatsegula tikiti, ndinawaonetsa kuti aone bwino, n'kudina pofafanizira. Foni inandifunsa kawiri ngati ndikutsimikiza. Inali ndi ulemu kuposa abale anga, amene sanandifunsepo ngakhale kamodzi.

"Mafuta a galimoto aja musunge," ndinatero.

Ndinkayembekezera kuti akalipa. Anangoyang'ana foniyo, n'kuyang'ana ine, n'kugwedeza mutu.

"Chabwino. Ngati sukupita, sukupita."

Anatuluka panja foni ili kukhutu. Ndikanakhala wochenjera monga mmene ndimadzionera, ndikanachita mantha pamenepo.

* * *

Lachisanu masana ndinapita kukalabu kukapempha kiyi. Sekeletale anali yekha, akudula timapepala tolemba mayina a ndege za chionetsero. Ankatidula mofanana ndendende, ngati wina adzabwera kudzayeza.

"Ndamva kuti tikiti yatha," anatero osakweza mutu.

"Nkhani zimayenda msanga muno. Makamaka zithunzi."

"Ine ndinangoika pa gulu. Kumene zinapita sindikudziwa."

"Nambala ya achimwene munaipeza kuti?"

Anaika lumo pansi. Kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso, ndipo ndinaona kuti si mayi woipa. Ndi mayi wotopa.

"Akunja, akazi awo a a Mawotchi atamwalira, munali kuti? Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Chaka choyamba bamboyo ankabwera muno n'kumangokhala, burashi ikuuma m'manja. Tiyi ndinkawapangira ndine. Malaya atang'ambika pachigongono ndinasoka ndine. Inu mwangofika ndi sutikesi ndi Chingerezi chanu, miyezi inayi, akuiwala mtovu."

"Sindinabwere kudzalanda munthu."

"Anthu ngati inu simulanda. Mumangobwereka, kenako mumakwera ndege."

Mawu amenewo anandilowa, chifukwa ndinkadziwa kuti mumzinda muno ambiri amandiona choncho. Koma sindinabwere kudzagwada.

"Zaka zisanu ndi ziwiri za tiyi," ndinatero, "anakupemphanipo kuti mumange naye ndege imodzi?"

Anatsegula chikwama, anatulutsa kiyi, n'kuikankhira kwa ine pa tebulo.

"Tengani. Mawa m'mawa mukhala nokha mpaka teni koloko, nthawi yofikira onyamula katundu wa chionetsero. Tsegulani ndege yanuyo, ndikufuna muwerenge. Mukuganiza akukaniranji? Mu ndege iliyonse imene bambo uja wamanga chimwalirire akazi ake, amalembamo dzina la malemuwo. Anandiuza yekha. Inu mumagwira mapiko, mtima uli kumanda."

"Zikomo chifukwa cha kiyi."

"Komanso mukawafunse," anawonjezera ndili pakhomo, "kuti achimwene anu ankatani ku shopu kwa a Mawotchi mwezi watha, ndi wotchi yosawonongeka."

* * *

Loweruka ndinatsegula chipinda cha kalabu dzuwa litangotuluka. Ndinatsegula zenera, ndinayala nyuzipepala, n'kutulutsa ndege m'kabati. Ndinaiika pa tebulo. Inakhalanso pansi, mphuno m'mwamba, ngati ikundifunsa kuti ndiye titani.

Ndinkadziwa zimene ndikuika pachiswe. Tikiti ndinali nditaitaya. Kwa achimwene ndinali mlendo wosafunika. Ngati mkatimo munali dzina la malemu, ndiye kuti ndinatsalira mumzinda wa matailosi ndi matchalitchi chifukwa cha mwamuna amene anangondibwereka manja. Koma zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinakhala ndikuopa kutsegula madilowa m'nyumba mwanga momwe. Zimenezo zinatha.

Ndinatenga lezala latsopano. Kutsegula ndege yomata kale kumafuna mtima wautali kuposa kuimanga. Umatsata mzere wa guluu kuyambira kumphuno, pang'onopang'ono, osakankha, kumangobwereza pomwepo mpaka pulasitiki ivomere yokha. Penti yasiliva imene tinapaka katatu inkagwa ngati mamba a nsomba. Ndinapuma mmene iye anandiphunzitsira. Patapita pafupifupi ola, thupi linati thee, mbali ziwiri zinasiyana.

Mbali yanga inali ndi mawu anga aja, zilembo zikuluzikulu ngati za mwana wokwiya.

Mbali yake inkaoneka ngati yadetsedwa ndi fumbi. Nditaiyandikiza pazenera ndinaona kuti ndi zilembo, tating'onoting'ono, mizere inayi. Ndinatenga galasi lokulitsira zinthu la bambo m'dilowa, lija la chogwirira chomangidwa ndi tepi.

Achimwene ako anandilumbiritsa kuti pakamwa panga sipadzatuluka mawu okuletsa kupita. Ndinalumbira chifukwa ndinakulira pa tebulo la bambo ako. Mtovu sindinaiwale, uli m'thumba mwanga. Ngati wafika potsegula ndegeyi, usapite.

Ndinawerenga katatu. Kachitatu galasi linachita nthunzi.

"Mwawononga penti."

Anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja, buluku atalipana ndi chopanira zovala kumwendo wakumanja chifukwa cha tcheni cha njinga.

"Mwadziwa bwanji kuti ndili muno?"

"Chiyambire Lachinayi ndimadutsa pansipa m'mawa uliwonse kuona ngati zenera latseguka. Shopu yanga ili mbali inayo, koma miyendo siifunsa."

"A Mawotchi, munandisiya pa masitepe ngati chitsiru. Mvula ikubwera, eti?"

"Ndinasowa chonena. Achimwene anu anabwera ndi wotchi yoyenda bwinobwino, anakhala maola awiri. Anati a Kaputeni ananditola ndilibe ntchito, anandiphunzitsa kugwira burashi, anandidyetsa pa tebulo lawo, ndiye ndisawabwezere pophwasula banja la mwana wawo. Ndinalumbira. Nditafika kunyumba ndinakumbukira kuti sanandiletse cholembera."

"Ndiye bwanji Lachitatu munakana kutsegula?"

"Pamaso pa Tcheyamani? Akanawerenga mokweza, n'kubwerezanso kwa ochedwa. Ndinkafuna mutsegule nokha, mwa kufuna kwanu. Mukanapanda kutsegula ndikanadziwa kuti ndegeyi simukuifuna."

"Ndikanakwera ndege bwenzi mutatani?"

"Bwenzi ndikuyenda ndi mtovu m'thumba mpaka kufa. Wang'amba kale mathumba awiri."

Anapisa dzanja, n'kuuika pa nyuzipepala: kamtovu kofanana ndi nyemba, kowala chifukwa chogwiridwagwiridwa. Ndinamupatsa mbali yanga kuti awerenge. Galasi silinafunike. Anaiyang'ana nthawi yaitali kuposa imene mawu amodzi amafuna.

"Munalemba tsiku lomwelija?"

"Tsiku lomwelija. Tikiti ndinaifafaniza Lachinayi, achimwene akuona."

"Ndiye banja lija..."

"Linatha. Ndinakuuzani kale, ndikubwerezanso. Ndilibe mwamuna."

Anakhala pa benchi pafupi nane, phewa lake litagunda langa. Sitinachite zambiri. Tili ndi zaka zathu, ndipo chionetsero chinali cha masana omwewo.

"Tikamata panopa, guluu agwira ikamakwana teni," anatero. "Mzerewu tiukwirira ndi penti. Amene ayang'anitsitse aona chipsera."

"Aone. Sekeletale ajambulenso."

Ndinadontheza guluu m'mphuno, iye anaika mtovu ndi kachopanira kake ka mawotchi. Ndinali nditangoyamba kupaka guluu m'mphepete mwa mbali yanga pamene tinamva mapazi pa masitepe. Sanali a onyamula katundu, nthawi inali isanakwane. Anali a anthu atatu, ndipo mmodzi ankakoka sutikesi ya matayala, ikugunda sitepe iliyonse.

Achimwene analowa poyamba. Sekeletale anatsalira pakhomo, akuyang'ana pansi. Pakati pawo panali mwamuna wa jekete lotuwa limene ndinamugulira ndine, maso atafiira kale, okonzeka.

Ndege imene imanyamuka masana ndi yomweyo imene imatera m'mawa. Zimenezo ndinkazidziwa bwino. Sindinaganize kuti ingabweretse munthu.

"Mayi akunyumba," anatero ndi mawu ofewa aja, amene ndinkawamva ngakhale m'tulo. "Waonda."

"Tuluka. Muno ndi mwa bambo anga."

"Alamu afika kudzakambirana," achimwene anatero. "Ulemu pang'ono."

Mwamunayo sanakangane nane. Sakangana pamaso pa anthu. Anatulutsa envelopu m'jekete, anasolola pepala, n'kuliyala pa tebulo pafupi ndi phiko la ndege yathu. Ndinalizindikira. Pansi kumanzere panali siginecha yanga. Kumanja, pa mzere wake, panalibe kanthu.

"Inu ndiye a mawotchi aja?" anafunsa mwaulemu. "Pepani, bambo, mwina sanakuuzeni. Awa ndi akazi anga."

Mawotchi anayang'ana pepalalo, kenako ine. Anaika kachopanira kake pa nyuzipepala.

"Munati linatha."

"Kwa ine linatha. Sindinadziwe kuti sanasaine." Ndinanyamula mbali yanga ya ndege, guluu akuwala m'mphepete, n'kuiloza kwa iye. Ndinalankhula mokweza kuti onse atatu amve. "Guluu akuuma, a Mawotchi. Gwirani mbali yanu timate."

Mbali yake inali pomwepo pa nyuzipepala, mtovu uli m'mphuno. Dzanja lake silinasunthe.